Mchere mu Thanki ya Agogo

Ndikawakumbukira agogo aamuna, mphuno zanga zimayamba kumva dizilo wa pa ovolosi yawo, kenako kafungo ka madzi amchere kamene kankatilandira pakhomo la nyumba ya kampani ya tiyi imene ankagwirako ntchito, pakati pa minda ya tiyi ku Mulanje, kumene nyanja yamchere tinkangoimva m'kalasi. Anali dalaivala wa lole yonyamula tiyi kupita ku doko la Nacala, ku Mozambique, ndipo pobwerako anzawo akamatsitsa zitenje ndi mpunga, iwo ankatsitsa zigubu za madzi a m'nyanja. Anthu oyandikana nafe ankawaseka, koma iwo analibe nazo ntchito.

Madziwo anali a thanki yawo yagalasi, yaing'ono ngati katoni ya sopo, imene inkakhala pakona ya pabalaza pomwe dzuwa silinkafika. Pamwamba pake panali kababu kamodzi kosawala kwenikweni, m'kati muli kapampu kolira ngati udzudzu, ndipo magetsi akazima ankakalumikiza ku batire yakale ya lole. M'menemo munali makorali, zamoyo za m'nyanja zomera pamiyala, ena ngati bowa wofiirira, ena ngati tizala tofewa togwedezeka ndi madzi. Munalinso tinsomba tiwiri, nkhono zitatu, ndi kanyama ka miyendo yambiri ndi ndevu zazitali kamene agogo ankakatchula m'Chipwitikizi kuti kamarau.

Ine thankiyo ndinkadana nayo, sindibisa. Agogo akafika kuchokera ku ulendo wa masiku asanu, ankayamba kugwada pagalasi paja n'kumalankhula nazo m'Chilomwe zinthu zawozo, ine nditaima kumbuyo ndi kope langa la masamu lokhozakhoza, kudikira kuti andione. Koma nsanje yeniyeni ndinkamuchitira msuweni wanga Felesiya, mwana wa amalume, amene tinkakulira limodzi kwa agogowo. Anali wamng'ono kwa ine ndi chaka chimodzi, wosayankhulayankhula, m'kalasi wa kumapeto, komabe ndi iye yekha amene ankaloledwa kugwira thankiyo. Ankapukuta galasi, ankadyetsa nsomba, ndipo madzi akatsika pansi pa kamzere kamene agogo anajambula ndi penti, ankawonjezeramo ochokera mu diramu ya madzi amvula. Ine ntchito yanga inali kusesa panja ndi kukatola nkhuni. Nditadandaula kwa agogo aakazi, anangoti manja anga amathamanga kuposa mutu wanga, n'kupitiriza kusankha nyemba zawo.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, agogo anatiuza kuti atsala pang'ono kupuma pa ntchito, ndipo pa ulendo wawo womaliza, nthawi ya holide, adzatenga mdzukulu mmodzi kuti akaone nyanja ndi kuwathandiza kusankha makorali atsopano. Mpando unali umodzi basi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadziwa kuti mpandowo ndi wa Felesiya, pokhapokha nditaonetsa kuti thankiyo ndimaidziwa kuposa iye.

Mwayi unapezeka Loweruka lina masana. Felesiya anali atapita kuchigayo ndi agogo aakazi, agogo aamuna ali ku galaja, ndipo madzi anali atatsika pansi pa kamzere kaja. Ndinatunga madzi amvula mu jagi monga ankachitira iye, koma ndinadziuza kuti mtsikana wolephera masamu uja amaiwala chinthu chachikulu, chakuti nyanja ndi yamchere. Ndinakhuthulira mu jagimo botolo lonse la mchere wa kukhitchini, ndinatakasa mpaka dzanja kuwawa, n'kuthira mu thankimo ndi mtima wonyada.

Dzuwa lisanapendeke, makorali anali atakwinyika ngati masamba a nkhwani ofota, nsomba zikupuma mofulumira pakona, kamarau atagona cham'mbali. Agogo aamuna atalowa anangoviika chala, kulawa, n'kulavula. Sanakalipe. Anatenga kapaipi n'kuyamba kuchotsa madziwo pang'onopang'ono, akuthiramo a m'zigubu, thukuta likuyenderera m'khosi. Nsomba zinapulumuka, koma kamarau anafa, ndipo makorali awiri anasungunuka patapita masiku.

Atamaliza anatembenukira kwa agogo aakazi, ife tili pomwepo.

“Amayi, ndiwo zikaphwera pamoto, mumawonjezera chiyani?”

“Madzi.”

“Nanga mchere?”

“Mchere suchoka mumphika, umatsala momwemo,” anayankha agogo aakazi.

Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Koma pakamwa panga panatuluka zina. Ndinati amene amathira madzi m'nyumba muno ndi Felesiya. Mtsikanayo anangondiyang'ana, misozi ili lengelenge. Anatola kamarau uja n'kukamukwirira kuseri kwa khitchini.

Patatha sabata, agogo ananena kuti wopita ku Nacala ndine. Ndinayenda nyumba ndi nyumba kuuza aliyense, ngakhale amene sanafunse. Malaya amene ndinavala pa ulendowo anachapa ndi kusita ndi Felesiya yemweyo, ndipo ndinawalandira osathokoza n'komwe.

Nyanja ndinaiona, yaikulu mpaka maso kutopa, ndipo ndinalawa madzi ake kuti nditsimikize. Tiyi atatsitsidwa, agogo ananditengera kwa mnzawo wina, msodzi wokalamba amene ankasunga zamoyo za m'nyanja m'mabeseni pansi pa chisakasa. Maso anga anagwera pa korali wina wanthambi, wowala mwa buluu kunsonga, ndipo ndinaloza msanga. Agogo anapukusa mutu, nati ameneyo amakhala pamadzi osaya pomwe dzuwa limawomba tsiku lonse, pansi pa kababu kathu sangathe mwezi. Ndinaloza chinsomba chachikasu, anati chikakula chidzasowa potembenukira n'kuyamba kuluma zinzake. Anasankha makorali ofewa, ofiirira, amene msodziyo anawatola kunsi kwa matanthwe komwe kuli mthunzi, kamarau wina wamng'ono, basi.

“Timatenga zimene nyumba yathu ingathe kusunga,” anatero akumanga chidebe, “osati zimene maso afuna.”

Ine ndinakhumudwa kuti pa zonse zimene tinanyamula panalibe chimene ndinasankha, koma ndinadzitonthoza kuti mpandowo ndinaupeza ndine.

Pobwerera tinaima nthawi yaitali pa mzere wa malole pa malire a Muloza, dzuwa likutentha, akabaza akudutsa ndi matumba a chimanga, ine nditapanira chidebe cha makorali pakati pa miyendo kuti madzi asatayike. Mtima wofuna kuyamikiridwa uja unandituma kufunsa.

“Agogo, n'chifukwa chiyani munasankha ine, osati Felesiya?”

Anayamba apukuta chiwongolero ndi kansalu kawo, maso ali kutsogolo.

“Masiku asanu ndi ambiri, mdzukulu wanga. Thanki ija ndikanaisiya ndi ndani? Felesiya amawadziwa madzi. Iwe ndinafuna ukhale pamene ndikukuona.”

Mzere uja unayamba kusuntha, tinawoloka malire n'kulunjika kunyumba. Titafika, chidebe chija anachilandira ndi Felesiya, ndipo awiriwo anagwada pagalasi, mitu itagundana, akukambirana poika korali aliyense. Ine ndinatumidwa kukatsitsa zigubu.

Agogo anatisiya zaka zapitazo, ndipo thankiyo anasiyira Felesiya. Lero amasoka zovala pa Milonde, ndipo madalaivala odziwana ndi agogo amamubweretserabe madzi. Iye kunyanjako sanapitebe. Chaka chatha ndinalimba mtima n'kumuuza za mchere uja, ndipo anaseka mpaka kusiya makina. Anati anadziwa tsiku lomwelo, chifukwa ndi iye amene anatumidwa kukapempha mchere wa ndiwo kwa oyandikana nafe botolo litapezeka lopanda kanthu. Ndinaseka naye, koma mumtima munali nsanje yomwe ija. Ndine bambo wa ana awiri tsopano, nyanja ndaiona kangapo, koma ndikanakonda agogo akanandisiya pakhomo sabata imeneyo.