Nkhumba Zokanidwa Zinadwalitsa Mkazi Wanga

Dandaulo langa loyamba la nyama ya nkhumba ndinakapereka ku komiti ya msika wathu nthawi yosankha fodya, chaka cha dzana. Lachiwiri ndinapereka mvula itayamba. Makope ake ndili nawo, koma yankho ndilibe. Lero mkazi wanga, a Nankhoma, akudwala khunyu, matenda omwe sanabadwe nawo.

Inu owerenga, mwina simudziwa momwe nkhumba zimagulidwira kuno ku Msakambewa. Ogula ochokera ku Mponela amaigwetsa nkhumba, kuipingasa kamtengo m'kamwa, n'kuyang'ana kunsi kwa lilime. Akaona timatuza toyera ngati mpunga, amaikana. Nkhumba yokanidwayo sitayidwa ayi. Imaphedwa tsiku la msika n'kukazingidwa pa chiwaya mwachangu, kunja kopserera, mkati mofiira. Nditamufunsa wogulitsa nyamayo, anandiseka: "Agogo, moto umapha zonse. Ngati mano anatha, tisiyeni enafe tidye."

Ine ndinkadandaula chifukwa chonyansidwa basi. Sindinkadziwa kuti zinthuzi zimafika mpaka kumutu.

A Nankhoma anagwa koyamba akusoka fodya m'chigafa. Thupi linauma, thovu kukamwa. Amayi omwe anali nawo anathawa poopa kuti thovulo liwapatsira matenda. Ndinawapeza ali okha pafumbi, lilime atadziluma. Abale anati ndi zolodza, ndipo miyezi inatha tikuyenda kwa asing'anga.

Pomaliza tinafika kuchipatala ku Lilongwe, komwe anawajambula mutu. Dokotala anandilozera timadontho pachithunzipo. Anati munthu akadya nyama yotere yosapsa, m'mimba mwake mumakula njoka. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi n'kufika m'madzi, m'ndiwo zamasamba, m'manja osasamba. Wina akameza mazirawo, tizilombo timatha kukakhala mu ubongo. Kenaka chitetezo cha m'thupi, polimbana ndi tizilomboto, chimatupitsa ndi kuvulaza ubongo wa mwini wake yemwe.

Ndinamuuza dokotala kuti a Nankhoma sanalaweko nkhumba chibadwire, mpingo wawo umaletsa. Anandiyankha kuti sizifunika kuti adye iwo eni. Wina akawadyera, zakwana.

Tsopano a Nankhoma amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, koma amagwabe. Saloledwanso kuyandikira moto, sapita okha kuchitsime. Anzawo akwaya anasiya kudzawatenga. Amakhala pakhonde, nthawi zina n'kundifunsa dzina la mdzukulu yemwe anamulera okha.

Inu owerenga, nyama ya timatuza musagule. Kumbani chimbudzi, tsekerani nkhumba m'khola, sambani m'manja. Munthu akagwa, mugonekeni chammbali, musamuthawe. Thovu lija silipatsira matenda.

Kwa akomiti ndi oyang'anira ziweto a dera lino: Loweruka lapitali chiwaya chija chinali pamoto, ana asukulu atachizungulira. Ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe molemba. Kodi nkhumba yokanidwa iyenera kupita kuti, ndipo ndani amayeza nyama isanafike pa chiwaya?