Mailesi Afunafuna Malo a Atachimenti

Mailesi anakulira ku Chinyunyu, pafupi ndi madzi otentha. Amayi ake, ba Ketrina, anamulera mwachikale. Mwana sayamba kulankhula akulu asanamufunse, satchula dzina lake asanafunsidwe, ndipo salowerera akulu akamacheza.

Atamaliza giredi 12 anapita ku Lusaka, ku koleji yophunzitsa ntchito za m'mahotela. Kuphika ndi kuyala mabedi sikunamuvute. Chinamusowetsa mtendere ndi kilabu ya ophunzira, yomwe inkaitana mamanejala a mahotela Loweruka masana kuti adziwane ndi atsopano. Aphunzitsi ananeneratu kuti malo a atachimenti, kokaphunzirira ntchito pamanja, aliyense adzipezere yekha pamisonkhano imeneyi. Wopanda malo sapita chaka chachiwiri.

Pamsonkhano woyamba panalibe mipando. Anthu ankadya choimirira. Anzake ankangofika pa munthu wamkulu, kumugwira chanza, n'kuyamba kudzichemerera. Mailesi anaima kukhoma kudikira kuti wina amuitane. Palibe anamuitana. Bambo wina anamupatsa mbale yomwe anadyeramo, iye n'kuilandira ndi manja awiri. Anathera kukhitchini, kutsuka mpaka alendo onse anapita.

Anabwera kumudzi patchuthi chachifupi, n'kufotokoza zomwe zinachitika kumsonkhanoko. Ba Ketrina anati anachita bwino, munthu waulemu sasowa pokhala. Amalume ake, ba Sunday, oyendetsa minibasi, anatsutsa.

"Mlongo, ulemu umenewu ubwera naye kuno kudzapalira mbatata," anatero.

M'mawa mwake anamukweza minibasi mpaka ku Rufunsa, n'kumuimika panja pa maofesi a boma. Anamuuza kuti aliyense wovala tayi amupatse moni, atchule dzina, anene chomwe amaphunzira. Woyamba anadutsa Mailesi asanatsegule pakamwa. Kwa wachiwiri anagwada m'fumbi, munthuyo n'kuganiza kuti pali maliro. Ba Sunday anaseka mpaka kutsamira galimoto. Pofika masana dzina linayamba kutuluka, ngakhale linali kumveka ngati la munthu wodwala.

Msonkhano wachiwiri unali womaliza. Mailesi analowa. Anasankha mayi mmodzi, ba Mutale, manejala wa loji ina yogona alendo ku Luangwa, poti nkhope yawo inali yofatsa. Anadikira kuti amalize kulankhula. Mnyamata wina analowerera. Anadikiranso. Mtsikana wina analowerera. Kenako ba Mutale ananyamula chikwama chawo kulunjika kukhomo.

Mailesi anawatsatira. Mawu onse omwe analoweza anathawa.

"Ba madamu, ndine Mailesi. Ndilibe malo."

Ba Mutale anatembenuka, n'kumufunsa komwe anali masana onsewa. Iye anati anali pomwepo, kumbuyo kwawo. Mayiwo anapukusa mutu. Malo olandirira alendo ndi a m'chipinda chodyera anali atapereka kale kwa omwe anabwera msanga.

"Kwatsala kochapira nsalu. Anzako onse akukana."

"Ndipita, ba madamu."

Anamuuza tsiku loyambira, n'kutuluka. Mailesi anakhala pansi pakhonde.

Miyezi ya atachimenti anaithera kuseri kwa loji, pakati pa mashiti a pabedi ndi matawulo, osaona mlendo ndi mmodzi yemwe. Sizimene anapitira ku koleji. Koma chaka chachiwiri analowa.