Galasi la Abwana pa Zenera la Bafa

"Chotsani zala zanu pamenepo, akamwini! Mukuyesa ndi zenera limeneli?"

Amene anakuwa choncho ndi a Mwetulirani, ojambula zithunzi za ziphaso pakhonde la positi ofesi. Dzinali analitengera pa mawu omwe amauza aliyense wokhala pampando wawo, ngakhale wochokera kumaliro.

Zaka makumi awiri ananyamulira abwana awo kamera yaikulu yamatabwa, miyendo itatu paphewa, nsalu yakuda m'khwapa. Abwana atamwalira, amayi amasiye anaipereka kwa mkamwini wawo, wodula magalasi a mazenera, munthu amene akajambula pafoni chimatuluka ndi chala chake. A Mwetulirani anapatsidwa jekete ya malemuwo. Jekete, abale! Yothina m'mapewa!

Nsanje inawadya chaka chathunthu. Ankati akadutsa pashopu ya mkamwiniyo, n'kuona kamera ili pakona atayanikapo thaulo, ankalavula malovu n'kuwoloka msewu. Ndiye tsiku limenelo amayi aja anawaitanitsa kushopuko kuti chinthucho chakana kugwira ntchito.

"Ndi makina oonetsera kanema akalekale," anatero mkamwini, manja m'thumba. "Anafa okha ndi ukalamba."

"Kanema wa agogo anu!" A Mwetulirani anaitembenuza kamerayo mwaulemu ngati khanda, n'kuloza kachitsulo kamkuwa kokhala ndi nambala kunsi kwake. "Thupili ndi lakale kuposa amayi ali apawa, pepani mayi. Lenzi iyi ndi yobwera, abwana anachita kuisemera thabwa lake. Onani zomangira, ziwiri zamkuwa, ziwiri zachitsulo. Ndinagwirira ndine."

Anadina chotsekera kuwala, chinalira bwinobwino. Analowa nayo m'chipinda chosungira magalasi, n'kutseka chitseko, n'kuyatsa tochi m'kati mwa mvukuto, chikopa chopindikapindika chija cholumikiza lenzi ndi kumbuyo. Kuwala kunatulukira pa timabowo tiwiri tokha, ta nsonga ya singano. Zimenezo n'zomata ndi kansalu. Mtima unayamba kukhala pansi.

Atatuluka anaimika kamera pakhomo, n'kuilozetsa kumsewu, n'kudzifunditsa nsalu yakuda. Pagalasi lakumbuyo panayenera kuoneka msewu wonse utazondoka, anthu akuyenda mitu pansi, monga m'mene zimakhalira. Panalibe kanthu. Kuwala kokhakokha. Anagwira ndi chala: galasi losalala, lowala mbee!

Anatuluka m'nsalumo pang'onopang'ono.

"Galasi la pano lili kuti?"

"Lija lakuda lija?" Mkamwini anaseka. "Linachita chifunga, ndinatsuka ndi sopo, ndi sipiriti, osayera. Linalinso ndi mizere ya pensulo. Ndakuikirani latsopano, la mamilimita atatu, ulere."

"Chifungacho ndiye ntchito yake, mbuli inu! Chithunzi chimagwera pa chifungacho! Pa lowala chimangodutsa ngati malangizo m'makutu mwanu!"

Nanga mizere ya pensulo ija! Abwana anaijambula ndi dzanja lawo: apa pothera mutu wa mkwati, apa mapewa, apa mzere wa ana asukulu okhala pansi. Pamizere imeneyo ndi pamene a Mwetulirani anaphunzirira ntchito, mutu wawo utagundana ndi wa abwana m'nsalu imodzi.

"Galasi lakalelo silinatayidwe ayi," anatero mkamwini. "Galasi loti munthu saonera m'kati ndi labwino kubafa. Ndinalicheka pang'ono kuti likwane."

Anapita onse kuseri kwa shopu. Linali pomwepo, pakazenera ka pamwamba pa mpope, lodulidwa mbali ziwiri, lomatidwa ndi phula, mizere ya abwana itasungunuka ndi nthunzi.

A Mwetulirani sanamuyang'anenso mkamwini uja. Anavula jekete yothina ija, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'manja mwa amayi.

"Uyu sindimuimba mlandu, mayi, wadula chomwe amadziwa kudula. Koma inu munkandiona ndikutuluka nayo m'mawa uliwonse, zaka makumi awiri. Munaipereka bwanji kwa wodula mazenera ine ndili moyo? Sindichoka pano. Ndiyankheni!"