Mipando Pakapinga

Amuna anga atamwalira, ndine amene ndinauza anthu kuti atulutse mipando. Palibe anandikakamiza. Kwathu pakagwa maliro, pabalaza amachotsa zonse kuti azimayi akhale pansi pamodzi ndi namfedwa. Ndiye ngakhale tinali ku Gaborone, m'nyumba zogundizana za mumpanda umodzi cha ku Phakalane, azibambo ananyamula sofa, tebulo ndi kabati ya mbale n'kukazisanja pakapinga. Kapingayo anali wa mabanja onse a mumpandamo. Ndinkadziwa, koma tsiku limenelo mutu sunkagwira.

Nyumbayo inali ya lendi, ndipo mgwirizano unali m'dzina la malemu chifukwa ndiwo anali ndi chilolezo chogwira ntchito m'dzikomo. Ine ndi mwana wathu wamkazi tinkangokhalira chilolezo chawocho, ngati katundu wawo. Mwanayo anali atatsala ndi miyezi iwiri kuti alembe mayeso omaliza a kusekondale. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: tikaike maliro kumudzi, tibwerere, tikhale m'nyumbamo mpaka alembe.

Amalawi anabwera osati masewera. Anamwino, alonda, matelala, aphunzitsi, nsapato mbwee pakhonde. Tsiku lachiwiri, woyandikana nafe wina amene ngakhale moni sitinkapatsana anaimba foni ku ofesi yoyang'anira nyumbazo ku Fairgrounds, ati kapinga wasanduka msika.

Kunabwera mayi wa ku ofesiko, fayilo kukhwapa. Ndisamunamizire, anali waulemu. Anatipatsa moni wawo wa dumela, anavula nsapato, n'kukhala pansi pambali panga. Chomwe anadzera chinali mipando basi. Anafotokoza kuti malamulo a mumpandamo salola kuika katundu pabwalo la onse, kenaka anafunsa kuti bambo ali kuti, asayine chenjezo.

Ndinayankha ndine, ndipo sindinayankhe bwino.

"Ali kumochale. Pitani mukawasayinitse komweko."

Nkhope yake inagwa. Anapepesa, anatsegula fayilo, anaitseka, anaitsegulanso. Kenaka anandiuza motsitsa mawu kuti mgwirizano wathu unanena kuti wosayina akamwalira lendi yathera pomwepo, ndipo kampani yawo silemba nyumba m'dzina la munthu wopanda chilolezo chakechake. Ndinali ndi mwezi umodzi.

"Pakanapanda mipandoyi, mma, ine sindikanabwera," anatero. "Koma ndaona, sindingachite ngati sindinaone."

Mipando anati ichoke tsiku lomwelo. Kuibwezera m'nyumba maliro tisanaike sizikanatheka, choncho telala wina anaitenga pagalimoto kukaisunga kuseri kwa shopu yake, atafunditsa lona.

Titabwerako kumaliro ndinayesa zonse. Ku Fairgrounds ndinapitako katatu. Mnzanga wina, namwino, anadzipereka kuti nyumbayo ilembedwe m'dzina lake, anamuuza kuti wosayina ndiye ayenera kukhalamo. Ndinapempha kuti angonditengerako mwanayo, koma namwinoyo ankakhala m'nyumba ya kuntchito, komwe kusunga munthu wosalembedwa kunali kuputa mlandu. Ndinafunafuna kachipinda kwina, eni ake onse ankayamba ndi kufunsa chilolezo. Kulikonse ankandipatsa madzi akumwa ndi mawu achisoni, kenaka n'kundiperekeza pakhomo. Ndinafika podana ndi ulemu wa anthu.

Mipando sindinakaitengenso. Ndikanaibwezeranji? Mwezi wonsewo mwana wanga ankawerenga atagona chafufumimba pabalaza popanda kanthu, mabuku atayala pasimenti. Ankawerengabe ngakhale tonse tinkadziwa kuti salemba. Ine ndinkangodutsa osamuyang'ana, chifukwa manyazi ankandigwira.

Tinanyamuka kutatsala milungu itatu kuti mayeso ayambe. Kwathu maphunziro ake anali ena, anamubweza makalasi awiri, ndipo sanamalize.

Mwanayo anakulira ku Gaborone, ndipo nthawi zonse ndikamulankhula ankandiyankha m'Chitswana kapena m'Chingerezi. Koma tsiku lija m'basi, titangotuluka mumzinda, anandifunsa m'Chichewa chomveka bwino, maso ali pawindo.

"Amayi, anthu aja akanangokhala pamipando, adadi akanakwiya?"

Bambo ake anali munthu wosakwiya, ndipo iye ankadziwa.