Masamba pamsewu wa kwa atcheyamani

Chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana anatuluka m'midzi ya kwa Malemia ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa. Aphunzitsi anachepa, choncho boma linatola ife amene tinali ndi kasatifiketi kathu m'chikwama, n'kutipatsa choko. Ankatitchula aphunzitsi ogwirizira. Ine anandipatsa Sitandade 2, pansi pa mtengo wa mango, bolodi likulendewera pamsomali.

Ndinali wamanyazi. Mwana akandifunsa funso ndinkayamba ndamuthokoza. Munthu wamkulu akandiponda phazi, wopepesa ndinali ine.

Ahedi athu anali bambo wamfupi wa mawu aakulu. Lachisanu lina, mvula ili pakati, anatiitanira ogwirizira tonse mu ofesi. Anati kwabwera malo amodzi okaphunzira uphunzitsi ku koleji, ndipo dzina alemba ndi iwowo.

"Ndikufuna munthu amene mvula simuletsa," anatero. "Amene ajombe kapena kuchedwa sabata ikubwerayi, za koleji aiwale. Adzamera imvi ali wogwirizira."

Ine koleji ndinkaifuna ndi mtima wonse. Wogwirizira akanatha kuchotsedwa tsiku lililonse, ndipo ndinkadziwa kumene ndikanabwerera: kudambo, kukaingitsa mbalame m'munda wa mpunga.

Lolemba kunacha ndi chimvula cha mkuntho. Phiri la Zomba silinkaoneka n'komwe. Nthochi za kuseri kwa nyumba zinali zitagona zonse, ndipo pabwalo pankadutsa madzi ofiira atanyamula zitsononkho ndi nkhwaira ya munthu wina. Ndinavala malaya anga oyera, n'kutulutsa njinga kuchipinda.

"Sukupita," anatero amayi. "Mvula iyi si yabwino. Ndi ija imatsika ndi Napolo."

"Apita," anatero abambo ali pampando, atafunda bulangete mpaka m'makutu. "Ntchito ya boma siyang'ana kumwamba."

"Boma likamufuna limutumizire galimoto."

"Ife ku Joni tinkalowa pansi pa nthaka kusanache, osadandaula."

"Pansi pa nthakapo pankagwa mvula? Abambo ake, ngati n'zophweka, dzukani mumuperekeze mwanayu."

Abambo anatsokomola, n'kunena kuti bondo lija layambanso.

Ine ndinali nditaima pakhomo, tayala lakutsogolo lili panja, lakumbuyo lili m'nyumba. Amayi akalankhula ndinkaibweza njinga pang'ono. Abambo akayankha ndinkaikankha pang'ono. Sindinkafuna kukhumudwitsa aliyense, ndipo mwina ndikanaima pomwepo mpaka madzulo. Koma m'mutu mwanga munali mawu a munthu wachitatu, ahedi, ndipo mawu amenewo anali aakulu kuposa a makolo anga onse awiri. Ndinaikankhiratu njinga panja.

Amayi ataona kuti zakanika, anaboola thumba la feteleza malo a mutu ndi mikono n'kundiveka. Mabuku anawakulunga m'jumbo n'kuwamangirira pakeriyala ndi mphira. Abambo anandiveka chipewa chawo cha ku Joni. "Uchisamale," anatero. "Chimenechi n'chachikulu kwa iwe."

Ulendo wake sunali wopalasa, unali womenyana. Matope ankadzaza m'madigadi mpaka tayala kukana kuzungulira, ine n'kutsika, kutokosa ndi kamtengo, kukweranso. Mphepo inkalowa m'thumba lija n'kulifufumitsa, moti ndinkaoneka ngati chimanga chopita kumsika chokha. Pakamtsinje kamene masiku onse tinkangodumpha, njinga ndi imene inakwera ine. Komabe ndinkayenda. Ndinkaona kuti ndikalimbikira ndikafika chitsulo choitanira ana kusukulu chisanalire.

Kutatsala pang'ono kufika kusukulu, msewu umadutsa pakhomo pa mkulu wina amene anali tcheyamani wa komiti ya sukulu yathu. Anali nkhalamba yaitali yolongolola, imene inkakangana ndi ahedi pa chilichonse, kuyambira njerwa mpaka malo okumba chimbudzi. Masiku amenewo anali atangotuluka kumene m'chipatala ku Zomba, ndipo anthu akamakamba za iwo ankatsitsa mawu.

Nditayandikira, ndinaona masamba aawisi atagona pamsewu, kuchokera mbali ino mpaka mbali inayo.

Kwathu masamba akagona chotero ndiye kuti pali maliro. Wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wa wailesi amazimitsa, mpaka atadutsa masamba achiwiri kutsogolo. Ndili mwana ndinaona adzukulu, anyamata okumba manda aja, atalanda njinga ya wogulitsa nsomba amene anadutsa ali pachishalo. Anaiombola ndi nkhuku, atagwada.

N'zoona kuti m'mawa umenewo ndinali nditadutsa nthambi zambiri zogwa ndi mphepo. Koma izi zinagona mwadongosolo, ngati zoyala munthu. Pabwalo panali anthu. Ndi kona ya diso ndinaona azibambo ataima m'mbali mwa khoma, manja atapinda, osalankhula. Kenako ndinamva mawu a mayi: "Mayo ine! Mayo ine! Ndilowera kuti ine!"

Ndinatsika. Ndinavula chipewa, mvula n'kuyamba kundiwomba pamutu ngati ng'oma. Maso ndinaloza pansi, chifukwa pakhomo pa anamfedwa sayang'anitsitsa. Ndinakankha njinga pang'onopang'ono, poti kufulumira pamaliro nakonso ndi mwano.

Kumbuyo kwanga kunkabwera bambo wina panjinga, atanyamula thumba la makala. Ataona ine, nayenso anatsika n'kuvula kapusi.

"Achimwene, ndani?" ananong'ona.

"Kaya. Koma pano ndi pa atcheyamani."

"Aa, apumula," anatero akupukusa mutu. "Anavutika mkulu uja."

Munthu wamkulu atanena choncho, kukayika kwanga kunatha. Masamba achiwiri ndinawapeza kutali, pafupi ndi pokhota. Ndinakwera n'kupalasa ndi mphamvu zonse, koma chitsulo chinalira ndili m'njira.

Ndinapeza ogwirizira anzanga atandanda pakhonde, ouma bwinobwino. Mmodzi anali atagona m'kalasi usiku wonse kuopa kuchedwa. Ahedi anali pakhomo la ofesi, akuyang'ana wotchi ndi ine mosinthanasinthana.

"Aphunzitsi, Lachisanu lija ndinalankhula Chingerezi chovuta?"

"Ayi, bwana."

"Nanga?"

"Ndinatsika panjinga, bwana. Kwa atcheyamani kuli zovuta."

Ahedi anavula magalasi. "Atcheyamani? Atisiya?"

"Masamba ali pamsewu, bwana. Anthu asonkhana. Amayi akulira."

Ahedi anaitana mwana kuti aimbenso chitsulo. Ana ochepa amene anabwera tsiku limenelo anaunjikana pakhonde, ndipo anauzidwa kuti sukulu yatsekedwa chifukwa tataya kholo lathu. Anayesetsa ndithu kuti asasekerere. Anyamata akuluakulu anatumidwa kukatola nkhuni. Ahedi anavala jekete lakuda limene linkakhala kuseri kwa chitseko. Mphunzitsi wamkazi wa Sitandade 5, amene ankatsogolera kwaya kutchalitchi, anayambitsa nyimbo ya maliro, ndipo tinanyamuka pamzere.

Anandiika patsogolo, ine ndi njinga yanga, poti ndine ndinabwera ndi uthenga. Kumbuyo kwanga ndinkamva ahedi akuyeserera mawu okanena kumanda. "Mtengo waukulu wagwa," ankanong'ona. "Ayi. Mthunzi wathu wachoka. Ayi, mtengo womwewo." M'njira anthu ankatuluka m'nyumba n'kulowa pamzere. Azimayi anafunda zitenje kumutu. Wina anasenza beseni la ufa atavindikira ndi masamba a nthochi.

Pofika pakhomo paja mvula inali itayamba kukata. Ulendo uno ndinadzutsa maso. Nyumba inalibe denga mbali imodzi. Malata anali m'munda wa chimanga, atapindika ngati mapepala. Mtengo wa m'mbali mwa msewu unali utang'ambika pakati, nthambi zake zili mbwee. Ndipo pakati pa bwalo, pamtondo wovundikira, pansi pa ambulera, panakhala atcheyamani. Ankakukuta chimanga chootcha uku akuloza ndi ndodo adzukulu awo enieni, ana a ana awo, amene ankakoka mitengo ya denga.

Oimba analeka mmodzimmodzi. Mayi wa kwaya yekha, poti anali atatsinzina, anapitiriza mpaka mnzake anamutsina.

"Ahedi," anatero atcheyamani, "mwabwera ndi sukulu yonse. Wamwalira ndani?"

Ahedi anatsegula pakamwa, n'kutseka, n'kutsegulanso. "Tinamva kuti mphepo yakuonongerani, ndiye tinati tidzakuoneni."

"Mphepo mumaiimbira nyimbo ya kumanda? Nanga nkhunizo? Ufawo? Jekete limenelo ndimalidziwa ine."

Kenako kamtsikana ka m'kalasi mwanga, kamene ndinkakayamikira tsiku lililonse chifukwa choyankha mokweza, kanayankha mokweza: "Aphunzitsi athu anati mwafa!"

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndinatsamiritsa njinga pamtengo, n'kunjuta m'matope, chipewa chili m'manja.

Akazi awo a atcheyamani anatuluka kukhitchini, maso ali ofiirabe. Atamva nkhani yonse anagwira m'chiuno. "Mwana iwe, ine ndimalirira malata anga! Malata ogula ndi thukuta la mpunga wanga! Awa akadzafa ndidzalira, inde, koma osati ngati muja."

"Mwamva, anthu inu?" anatero atcheyamani. "Mwamva mkazi amene ndikukhala naye?" Kenako anandiloza ndi chitsononkho. "Iwe, sendera kuno. Mtembo wanga unauona?"

"Ayi, bambo."

"Unafunsa munthu?"

"Ayi, bambo. Ndinaopa kusokoneza anamfedwa."

"Koma panjinga unatsika?"

"Ndinatsika, bambo."

"Chipewa?"

"Ndinavula."

"Chimvula chonse chija?"

"Eya, bambo. Mpaka pokhota paja."

Mkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira ndodo. M'malo mwake anatembenukira anyamata ake aja. "Mwamuona mwana wa eni ake? Mpaka pokhota! Inu ndikadzafa mudzadutsa pano mukuliza belu, wailesi ili pahandulo."

Ndinayamba kupuma. Koma atcheyamani anali asanathane ndi ahedi.

"Ahedi, inu simupita pamaliro opanda mawu. Munakonza zoti mukanene. Nenani pompano, ndimve ndili moyo."

"Aa, atcheyamani, zimenezo tizisiye."

"Tizisiye bwanji? Tsiku lenilenilo ndidzakhala ndili m'bokosi, sindidzamva. Imani apo."

Ahedi anaima pamaso pa ana awo a sukulu, madzi akudontha m'jekete. Anayamba ndi mawu aang'ono amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Anati atcheyamani ndi mtengo waukulu. Atcheyamani anagwedeza mutu. Anati ndi munthu wokonda chitukuko, amene popanda iye sukulu ikanakhala yopanda njerwa.

"Kwezani mawu, akumbuyo sakumva."

Ahedi anakweza. Anati ndi munthu wofatsa, wosakonda mikangano.

"Bodza ilo," anatero akazi awo, anthu n'kuphulika kuseka. Ana anagwa pansi. Mayi wa kwaya anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Ine ndekha ndi amene sindinaseke, chifukwa ndinkaona khosi la ahedi likufufuma, ndipo ndinkaona koleji ikupita ndi madzi ofiira aja.

Atamaliza, atcheyamani anati poti tabwera kudzawaika m'manda ndipo manda kulibe, tiike denga. Tsiku lonse aphunzitsi tinawongola malata ndi miyala, ana akutola misomali m'matope. Ufa uja sunabwerere kwa mwini wake. Ahedi anagwira makwerero, ndipo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Sabata imeneyo inatalika. Ndinkafika kusukulu kusanayere bwino, koma ndikapereka moni ahedi ankayankhira m'mphuno. Nkhani inafika mpaka ku Naisi. Ndikamadutsa, azibambo a pasitolo ankakuwa: "Aphunzitsi, mukafika kwathu musatsike! Tikadali moyo!" Kunyumba amayi ankangoti, "Ndinanena ine," ndipo abambo ankayankha kuti mwana anachita mwambo, cholakwa ndi mtengo.

Lachisanu ahedi anandiitanitsa. Ndinalowa. Sanandiuze kuti ndikhale.

"Aphunzitsi, Lolemba munachedwa."

"Eya, bwana."

"Munatseketsa sukulu. Munandiyendetsa mumvula. Munandiimika pamaso pa ana kuti nditamande munthu amene wandidwalitsa mutu chifikireni pasukulu pano."

"Pepani, bwana."

"Munthu ameneyo wakhala akubwera muno tsiku ndi tsiku. Amakhala pampando uwo. Akuti ku koleji kukapita wina osati inu, komiti sidzaumbanso njerwa ngakhale imodzi. Akutinso ndiwalembere mawu aja papepala kuti ndisadzasinthe tsiku lenilenilo." Anavula magalasi n'kudzitikita m'maso. "Ndalemba dzina lanu."

Ndinayamba kugwada.

"Dzukani, musandithokoze. Sindinachitire inu. Ndikufuna mukakhale kutali ndi kuno miyezi ingapo. Mvula sinathe, mitengo ikadali yambiri m'mbali mwa msewu, ndipo midzi ino ili ndi nkhalamba zochuluka."