Maziro Anga a ku Kaning'ina

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma manambala anga anakwera ndege. Wotsutsa abwere kuno ku Masasa ndimuonetse buku.

Nthawi ya chipani chimodzi ndinkayeza mvula m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina. Anandilemba ntchitoyo ndi katswiri wina wa zanyengo wochokera ku Nkhata Bay, woonda ngati bango, magalasi ali pamphuno. Ndinkawaitana a Dokotala udokotalawo asanaupeze n'komwe. Anazika chitini pamtetete nandiphunzitsa: m'mawa uliwonse thirani madzi a m'chitini m'galasi la mizere, werengani, lembani m'kope. Ikapanda kugwa, lembani ziro.

Mzuzu wa masiku amenewo sankandichititsa manyazi. Mvula, mvumbi, nkhungu yonyowetsa jekete, kope linkangodzaza. Koma chaka china kumwamba kunauma gwa. Sabata yoyamba, ziro. Yachiwiri, ziro. Mantha anandigwira pawiri. Munthu woyeza mvula, mvula kulibe, amusungirenji pantchito? Komanso pa wailesi dziko linali lokhuta chaka chilichonse, ndipo kunena za chilala kunali kuputa ayufi a chipani. Ine ndilembe chilala ndi dzanja langali?

Ndiye ndinayamba kuthandiza mitambo. Ndikamwa tiyi, otsala m'ketulo ndinkatsanulira m'chitini, n'kuyeza mwaulemu wonse, n'kulemba.

Tsiku lina a Dokotala anafika pa njinga yamoto. Anayang'ana kope, anayang'ana udzu wofiira, kenaka anapisa chala m'chitini n'kutulutsa tsamba lakuda.

"Adada, mvula ya kuno ikugwa ndi masamba a tiyi? Yangotsala shuga basi?"

Ine mawu ndili nawo, ndinakuwa mpaka mbalame zinauluka. "Ndikuteteza ntchito yanga, ndi inu nomwe! Maziro amenewa akawaona akuluakulu, tonse tikagona kundende!"

Anakhala pamwala, navula magalasi. "Mvula ikagwa aliyense amaikumbuka. Tsiku limene sinagwe palibe amalisunga, koma inu nokha. Ndikatumiza tiyi wanuyu, zonse tayeza zaka zonsezi azitaya, ine anditcha wabodza. Kope ndisaina ndine. Ayufi akabwera, muwalozere kwa ine."

Tinakhala pamwalapo mpaka dzuwa kutentha, ine ndikuloza tsiku lililonse limene ndinathira.

"Mukutsimikiza kuti m'chitinimo munali mouma musanathire?"

"Ngati pakhosi pa mlaliki wa Lamulungu!"

Apo ndiye anaseka, nafufuta, nalemba ziro. Ntchito sanandichotse. Ayufinso sanabwere, iwo ankangofuna makhadi a chipani pamsika.

Kenaka a Dokotala anapita kunja, analemba mapepala ambirimbiri onena kuti nyengo ikusintha. Akuti aphunzitsi a m'maiko ena sangayambe nkhaniyo osatchula dzina lawo. Ophunzira a Dokotalawo amafika pakhomo pano, "Yewo chomene, adada," kudzandifunsa mmene mvula inkagwera kale. Ndimawauza, ndipo oyandikana nawo nyumba amamva ulele.

A Dokotala atabwerako, imvi zili mbuu, anandibweretsera buku lawo. Chingerezi chimenecho ine ayi. Koma kumapeto kunali mizere ya manambala. Ndinayendetsa chala mpaka ndinawapeza maziro aja, atandandalika ngati mazira a nkhanga.

"Awa ndi anga," ndinatero.

"Ndi anu, adada. Anthu amatsegula tsamba limeneli kuposa ena onse. Nanga ketulo ija ilipo?"

Inalipo. Tinamwa tiyi yense, osasiyako ngakhale dontho.