Mawu Ondidzutsa Anali Anu

Ndinaganiza zopita ku Lusaka chaka chimene chimanga chathu chinapsa ndi dzuwa ku Mlolo. Mwana wanga Misozi anali mu giledi faifi. Ndinamusiya kwa akulu anga, a Esinati, amene anati, "Pita, mng'ono wanga, kuno usadere nkhawa."

Ntchito ndinaipeza pa kashopu kopanga mabelu a sukulu, aja olira okha. Poyamba ndinkangosesa. Kenako mwini shopu anandiphunzitsa kulumikiza kawotchi kokhala ndi batire longa batani ku kakompyuta kokwana m'dzanja, ndi kulemba malamulo oti nthawi yakutiyakuti ikakwana, kawotchiko kadzutse kakompyuta, belu lilire. Ngakhale magetsi azime, kawotchi kaja sikasokonekera.

Lamlungu ndinkalitha ndekha m'chipinda cha lendi, osalankhula ndi munthu. M'menemo ndinapangira Misozi kabokosi kake. Ndinatchera alamu ya m'mawa, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo m'malo mwa belu ndinajambulamo mawu anga: "Misozi, dzuka mwanangu, nthawi yakwana." Ndinakatumiza pa basi ya ku Chipata pamodzi ndi kasola kotchajira.

Mwezi ndi mwezi ndinkatumiza ndalama za makope ndi yunifomu, ine ndikugonera tiyi. Pa foni a Esinati ankati, "Kabokosi kako sikaphonya. Kakangolankhula, mwana wadzuka." Ndikapempha kulankhula naye, ankati wapita kumadzi.

Patapita zaka zitatu ndinabwerera osauza munthu. Nditatsika minibasi pa boma la Chadiza, mtsikana wosenza beseni la vitumbuwa anandithamangira kudzandigulitsa. Anali Misozi. Linali Lachiwiri, anzake ali m'kalasi.

Kumudzi a Esinati sanachite ngakhale manyazi. "Umati adye chiyani? Makope?" Sukulu anamusiyitsa chaka choyamba chomwe. Kabokosi kakalankhula, mwana ankadzuka, kukazinga vitumbuwa, n'kupalasa njinga mpaka ku boma.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mudzi wonse unkadziwa. Azimayi a kutchalitchi amene ankandiimbira kundifunsa mitengo ya zitenje ku Lusaka ankamuona akudutsa m'mawa uliwonse. Palibe ananena kanthu.

Ndinamutengera Misozi kuseri kwa nkhokwe. Manja ake anali ndi zipsera za mafuta otentha.

"Mwanangu, bwanji sunapemphe foni kwa wina, undiuze?"

Anayang'ana pansi.

"Ndinkayesa mukudziwa, amama. Mawu ondidzutsa anali anu."